Kaundula wa Amfumu: Momwe Ulamuliro wa Midzi Unakhazikikira ku Ntcheu

Munthu wa ku Ntcheu akamalembetsa dzina kuchipatala, kupolisi kapena kokatenga chitupa cha unzika, safunsidwa nambala ya nyumba kapena dzina la msewu. Amamufunsa mudzi wake, agulupu ake, mfumu yaikulu ndi boma. Iye amatchula mudzi, kenako n'kuti T/A Njolomole, kapena Kwataine, Ganya, Champiti, Makwangwala, Mpando, Phambala, Chakhumbira, Masasa. Anthu oposa 650,000 amene anawerengedwa m'bomali pa kalembera wa 2018 onse amapezeka mwa njira imeneyi, ndipo timayankha mosaganizira n'komwe, ngati kuti mndandandawu unalipo chilengedwere dziko. Chonsecho zaka zake zangopitirira pang'ono 100. Aliyense amene analamulirapo dziko lino anaikapo chake osachotsa cha mnzake, ndipo pakati pa zonsezo panali chinthu chimodzi chimene boma lililonse linkachifuna kwa amfumu: maina a anthu awo, olembedwa m'buku.

Kale, Angoni asanafike, kumapiri kuno ndi kuchigwa cha Bwanje kunali Achewa, Antumba ndi Amang'anja. Mudzi unali mbumba. Mfumu inali mkulu wa banja limene linayamba kugwetsa mitengo pamalopo, ndipo ikamwalira ufumu unkapita kwa mphwake kapena kwa mwana wa mlongo wake, amayi akuluakulu a m'banjamo atagwirizana. Pamwamba pake panali mwini dziko, wolandira mitulo ndi kuweruza milandu yolemera. Mphamvu ya mfumu inali ndi polekezera poonekeratu. Ikayamba nkhanza kapena kukondera, nkhoswe inkasonkhanitsa alongo ake ndi ana awo, n'kukapempha malo kwina, n'kuyamba mudzi wawo. Dziko linali lalikulu, anthu ochepa. Mfumu yopanda anthu inkatsala ndi mabwinja, choncho inkayenera kudziwa kunyengerera.

Angoni a Maseko atabwerako ku Songea anakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870, poyamba pansi pa Chidyaonga, kenako Chikuse. Iwo anabwera ndi ulamuliro wa mtundu wina. Pamwamba panali inkosi, pansi pake alumuzana ndi nduna, ndipo ufumu unkachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna wa kunyumba yaikulu. Kukula kwa nduna sikunkayezedwa ndi malire a dziko, koma ndi kuchuluka kwa anthu, ng'ombe ndi zishango zimene inkatha kutulutsa nkhondo ikamemedwa. Ogwidwa kunkhondo ankagawidwa m'midzi ya nduna, ana awo n'kukula ngati Angoni. M'kupita kwa nthawi ogonjetsawo anatengera chilankhulo cha ogonja, ndipo mabanja ambiri wamba anapitiriza chikamwini. N'chifukwa chake lero ku Ntcheu mungapeze mfumu yaikulu imene inalowa ufumu wa bambo ake ikulonga nyakwawa imene yalowa ufumu wa amalume ake, popanda wodabwa. Maina ambiri a ma T/A a m'bomali ndi a akuluakulu a nthawi imeneyo.

Chaka cha 1891 chinabweretsa zinthu zitatu nthawi imodzi. Chikuse anamwalira, ndipo mwana wake Gomani analimbana ndi Kachindamoto pa nkhondo yapachiweniweni, mpaka Kachindamoto anatsikira kunyanja, cha ku Mtakataka. Angerezi analengeza kuti dziko lino lili m'manja mwawo, Harry Johnston n'kukhala wolamulira. Ndipo pangano la Angerezi ndi Apwitikizi linadula malire motsata mtunda wogawa madzi, n'kung'amba dziko la Amaseko pakati. Domwe inagwera kwa Apwitikizi. Amene anayendapo pa msewu wa M1 pa Lizulu amadziwa kuti mbatata ya kachewere ungaigule tsidya lino, chenji n'kukatenga tsidya linalo, ku Mozambique.

Gomani sanafune kuti anthu ake azikhoma msonkho kwa mlendo kapena kukagwira ntchito m'minda ya azungu popanda chilolezo chake. Mu 1896 ankhondo ake anathira nkhondo midzi yozungulira mishoni ya Zambezi Industrial Mission ku Dombole, ndipo atsamunda anatumiza asilikali. Anamugwira n'kumupha chaka chomwecho. Akuluakulu amasimba kuti anakana kuyenda womangidwa, anakhala pansi, n'kuphedwera pomwepo. Ufumu waukulu wa Amaseko unathetsedwa m'mabuku a boma, ndipo kwa zaka zingapo atsamunda anayesa kulamulira okha popanda mafumu.

Dzina la mzungu woyang'anira boma nthawi imeneyo linali Collector, ndipo ntchito yake inalidi yotolera. Msonkho wa nyumba unali mashelelini atatu pachaka m'zaka zoyambirira, kenako unakwera, koma wokagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankachotseredwako. Osakhoma ankawatenthera nyumba, nthawi zina asilikali ankagwira akazi awo mpaka mwamuna atabwera ndi ndalama. Vuto la Collector linali loti sankadziwa kuti anthu ali kuti. Mzungu mmodzi, mlembi ndi asilikali ochepa sakanatha kuwerenga nyumba zobisika m'makwawa a Kirk Range, makamaka poti munthu akamva kuti a msonkho ali m'njira ankangodumpha malire n'kukagona kwa achibale ku Angonia. Ufulu wakale wosamuka uja tsopano unasanduka njira yozembera boma.

Mankhwala a vutoli anali lamulo la 1912 lotchedwa District Administration (Native) Ordinance. Lamuloli linagawa boma lililonse m'zigawo, chigawo chilichonse n'kuchiikira mfumu yaikulu yotchedwa Principal Headman, pansi pake nyakwawa zovomerezeka ndi boma. Timidzi ting'onoting'ono tinauzidwa kuti tiphatikizane, ndipo kusamuka kapena kumanga mudzi watsopano kunafuna chilolezo. Nyakwawa inapatsidwa ntchito zothandiza kutolera msonkho, kunena za alendo ndi olakwa, kulambulitsa misewu ndi kuona za ukhondo. Apa ndi pamene panabadwira T/A wa lero. Kwa nthawi yoyamba ufumu unakhala ndi malire ojambulidwa pamapu, ndipo munthu anakhala wa mfumu yakutiyakuti chifukwa cha pomwe nyumba yake yaima, afune asafune. Posankha oti akhale pamipando imeneyi, atsamunda ena anafunsa bwino mbiri ya mabanja, ena anangotola amene anawalandira bwino kapena wodziwa kulemba. Milandu yambiri ya ufumu imene imafika ku High Court lero, ukaitsata bwino, muzu wake uli pa dzina limene mlembi wina analemba m'buku nthawi imeneyo.

Mu 1933, bwanamkubwa ali Hubert Young, boma linakhazikitsa malamulo awiri, la Native Authority ndi la Native Courts, potengera zimene Donald Cameron anachita ku Tanganyika. Mafumu akuluakulu analoledwa kupanga malamulo a m'dera mwawo, kukhala ndi makhoti ovomerezeka, ndipo pambuyo pake thumba la ndalama lawolawo lochokera ku gawo la msonkho, zindapusa ndi ziphaso. M'zaka zomwezo Philip Gomani, mwana wa wophedwa uja, anavomerezedwa kukhala Inkosi ya Makosi, likulu lake ku Lizulu. Likulu la mfumu linasintha maonekedwe. Panamangidwa khoti la njerwa, panabwera mlembi ndi buku la milandu, mesenjala wa yunifomu ndi njinga. Zinthu zitatu zimenezi, khoti, mlembi ndi mesenjala, mudzazipezabe kwa T/A aliyense mpaka lero, ngakhale kuti mphamvu zimene zinazibweretsa zinachotsedwa kalekale.

Njira imene mlandu umayenda nayo sinasinthe kwenikweni chiyambire nthawi imeneyo. Tinene kuti ng'ombe zadya chimanga cha mayi wina, kapena mnansi walowerera mizere iwiri pamalire a dimba. Poyamba zimakambidwa ndi ankhoswe a mbali ziwirizo. Zikakanika, mayiyo amapita kwa anyakwawa m'mamawa, n'kugwada chapatali ndi khonde, kuomba m'manja mofatsa, n'kunena kuti, "Zikomo mfumu, tabwera ndi dandaulo." Salankhula zambiri, amene amafotokoza ndi nkhoswe yake, ndipo amene amabwereza mawuwo kuti afike kwa amfumu ndi nduna, ngakhale amfumuwo ali pomwepo ndipo amva kale. Tsiku la bwalo mbali zonse zimapereka chabwalo. Wogwa nawo mlandu amalipa nkhuku kapena mbuzi, masiku ano kawirikawiri ndalama ya mtengo wake. Wosakhutira amapempha kalata yopita kwa agulupu, ndipo kwa agulupu ikakanika amapita kwa gogo chalo, ndiye kuti T/A. Kudumpha mmodzi mwa amenewa n'kudzichedwetsa wekha, chifukwa funso loyamba kumtundako limakhala lakuti kalata ya amfumu anu ili kuti.

Atsamunda ankayembekezera kuti mfumu yolandira malipiro a boma izimvera boma. Ku Ntcheu anaona zina. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, makamaka pambuyo pa njala ya 1949, boma la Geoffrey Colby linalimbikitsa malamulo a malimidwe: kulima mizere yopingasa, kukumba migula yotchinga madzi, kuzula mapesi ndi zitsa za thonje pa tsiku loikika. Mwa ulimi wake malangizowo sanali oipa, ndipo Gomani mwiniwake poyamba ankawalimbikitsa. Choipa chinali chakuti wolephera ankamulipiritsa kapena kumutsekera, ndipo khoti logamula linali la mfumu yake yomwe. Nkhani ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland itafika, mafumu anapita ku London kumayambiriro kwa 1953 kukakana, koma sanamvedwe. Gomani anauza anthu ake kuti aleke kutsata malamulo a malimidwe. Boma linamuimitsa ufumu mu May chaka chomwecho n'kulamula kuti achoke m'bomalo. Apolisi atafika ku Lizulu anapeza khamu la anthu, ndipo mfumuyo, ili yodwala kale, inawolokera ku Mozambique pamodzi ndi mbusa wa Anglican Michael Scott. Apwitikizi anawabweza, Scott anathamangitsidwa m'dziko, ndipo Gomani anamwalira mu 1954 kuchipatala cha Malamulo, kutali ndi kwawo. Chaka chomwecho cha 1953 kunabwera lamulo lokhazikitsa makhonsolo a m'maboma, chiyambi cha mpando wa khansala, umene wakhala ukupikisana ndi wa mfumu kufikira lero.

Wina angaganize kuti ufulu utabwera, mafumu amene anavutikira dziko anabwezeredwa mphamvu. Sizinatero. Lamulo la makhoti la 1962 linachotsa kuweruza kovomerezeka m'manja mwa mafumu ambiri. Lamulo la mafumu la 1967, limene likugwirabe ntchito, linati Inkosi ya Makosi, mfumu yaikulu ndi Sub T/A amavomerezedwa ndi Pulezidenti, amenenso angathe kuwachotsa. Agulupu ndi anyakwawa amaikidwa ndi mfumu yaikulu. Mwachidule, mpando wa bwanamkubwa unangosintha mwini. Kumudzi kunabweranso wolamula wina, tcheyamani wa chipani, ndi anyamata ake a Youth League oima pachipata cha msika kufunsa khadi. Nyakwawa inkasonkhetsa mazira, nkhuku ndi ndalama za mphatso Ngwazi, ndiye kuti Pulezidenti, ikamabwera kudzayendera mbewu, ndipo inkaonetsetsa kuti amuna onse a m'kaundula akhoma msonkho. Chitukuko chinkakambidwa mu District Development Committee, pansi pa DC, woyang'anira boma, pomwe makhonsolo anafota n'kutsala ndi misika ndi nyumba zogona alendo. Mafumu ena anakwezedwa m'njira yowawitsa: kuyambira 1969 makhoti a Traditional Court anapatsidwa milandu ya kupha, kenako ndi youkira boma, mafumu akukhala pa mpando woweruza, woimbidwa mlandu wopanda loya. Albert Muwalo, mwana wa ku Ntcheu komweko amene anali mlembi wamkulu wa chipani, anaweruzidwa m'khoti lotere ndipo ananyongedwa mu 1977. Makhotiwa anatha pa kusintha kwa ndale kwa 1993 ndi 1994, pamodzi ndi khadi yokakamiza ndi msonkho wa pamutu.

Msonkho utatha, kaundula wa amfumu akanatha kufera pomwepo. M'malo mwake anapeza ntchito ina, ndipo apa ndi pamene mbiri inatembenuka. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998, ndi lamulo la maboma aang'ono la chaka chomwecho, zinamanga makomiti pa malire omwe aja a 1912. Kwa agulupu kuli Village Development Committee, imene aliyense amangoti VDC. Kwa T/A kuli Area Development Committee, ADC. Pambali pake pali AEC ya alangizi a zaulimi, azaumoyo, a zamaphunziro ndi ena ogwira ntchito za boma m'deralo. Kuboma kuli khonsolo ndi DC. Papepala, pempho la mjigo kapena mlatho limayambira ku VDC, n'kukasefedwa ku ADC, n'kukalowa mu pulani ya boma lonse. Mfumu siyenera kukhala wapampando wa makomitiwa, ndi mlangizi chabe, ndipo kukhonsolo ma T/A amakhala nawo koma savota.

Zochitika zake n'zosiyana. Makhansala anasankhidwa mu November 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha May 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo, mafumu, aphungu ndi ma DC ndi amene ankayendetsa zonse. Kusintha kwa lamulo kwa 2010 kunapatsa aphungu voti m'khonsolo, kunachepetsa mawodi, n'kuika kusankha DC m'manja mwa nduna ya boma. Khansala atabwerera anapeza malo ake atakhalidwa. Phungu anali ndi thumba la chitukuko la CDF, limene linayamba mu 2006. Mfumu inali ndi anthu. Malire a wodi satsatanso bwino malire a T/A, kotero kuti khansala mmodzi amatha kukhala m'ma ADC awiri. Sindikunena kuti khansala alibe ntchito, koma pitani pamene akuumba njerwa za sukulu muone amene wamema anthu. Ndi anyakwawa, ndipo wojomba amadziwa kuti tsiku lina kwawo kudzagwa maliro, ndipo adzukulu sakumba manda amfumu asanaloleze. Palibe ndime ya lamulo imene inalemba mphamvu imeneyi, koma imaposa zambiri zolembedwa.

Chimene chinasinthiratu mudzi ndi makuponi. Boma la Bingu wa Mutharika litayamba pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo mu 2005, funso lakale la Collector linabweranso: anthu ali kuti, ndipo ndi angati? Koma tsopano aliyense ankafuna kulembedwa. Tsiku lolemba maina mudzi wonse unkakhala pansi pa mtengo, mlangizi ali ndi mafomu pa tebulo lobwereka kusukulu, a VDC pambali pake, amfumu pampando wa ndalema. Makuponi abwera ochepa, mabanja ndi ambiri. Dzina likatchulidwa kumamveka kung'ung'udza chakumbuyo, kwa amayi. "Nanga agogo aja osaona aja mwawasiyiranji?" Amfumu ambiri anapeza njira yawoyawo: dzina lilembedwe la mmodzi, koma thumba likabwera ligawidwe pa mabanja awiri kapena atatu, ndi ndowa. Akatswiri a zaulimi ankadandaula kuti feteleza wogawana chonchi sakweza zokolola. Ankanena zoona, koma iwo sankagona m'mudzimo. Panalinso amfumu ena amene analembetsa akufa ndi midzi yoti kulibe, makuponi n'kukathera kwa mavenda.

Zotsatira zake, midzi inayamba kuswana. Ngati thandizo likubwera potsata mudzi, banja lalikulu limaona kuti kuli bwino likhale ndi nyakwawa yakeyake, kaundula wakewake ndi chidindo chake. Kale ofuna mudzi wawo ankasamuka. Lero amangokhala pomwe ali, n'kutengera mbuzi ndi kangachepe kwa gogo chalo, ndipo mudzi umodzi umasanduka itatu nyumba zili momwemo. Nyakwawa zikachuluka, wina amafuna ugulupu. Magulupu akachuluka, wina amafuna u Sub T/A, ndipo andale amadziwa kuti kukweza mafumu chisankho chikayandikira n'kotsika mtengo kuposa kumanga msewu. Mswahala umene boma limapereka kwa nyakwawa ndi wochepa, ndipo nyakwawa zambiri zatsopano sizili n'komwe pa mndandanda wolandira, koma mpandowo anthu amaulimbirana mpaka kukhoti. Mtukula pakhomo, ntchito za MASAF, chimanga cha nthawi ya njala, maneti a udzudzu, zonse zinadzera pakhomo pomwepo. Ngakhale pulogalamu ya AIP ya 2020, imene inadalira chitupa cha unzika pofuna kuchepetsa chinyengo, sinawalambalale amfumu, poti pa kalembera wa zitupazo mu 2017 anthu ambiri akumudzi anawachitira umboni ndi amfumu omwewo.

Mphamvu ya T/A pa nyakwawa zake ikagwira ntchito bwino imaoneka. Tsidya la malire a bomali, ku Dedza, Theresa Kachindamoto, wa banja la Kachindamoto uja anamenyana ndi Gomani, analongedwa ufumu mu 2003 atagwira ntchito ya ulembi zaka zambiri pa koleji ina ku Zomba. Iye anathetsa maukwati a ana mazanamazana, ndipo chida chake chachikulu chinali chomwe chija cha m'lamulo la 1967: nyakwawa yololeza ukwati wa mwana ankaiimitsa ufumu kufikira itakathetsa ukwatiwo ndi kubwezera mwanayo kusukulu. Anayamba izi lamulo la maukwati la 2015 lisanabwere, ndiponso malamulo aakulu a dziko asanasinthidwe mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18. Ku Ntcheu nako ufumu wa Gomani unapitirira, ndipo Gomani V analongedwa mu 2012. Chaka ndi chaka Amaseko a mbali zonse ziwiri za malire amakumana ku Nkolimbo pa Umhlangano.

Buku latsopano limene likulembedwa panopa ndi la malo. Lamulo la Customary Land Act la 2016, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limati dera la T/A lijambulidwe malire ake, ndipo kwa gulupu aliyense kukhale komiti ya za malo: agulupu wapampando, ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, osachepera atatu akhale amayi. Munthu angathe kulembetsa munda wake n'kulandira chikalata. Mafumu ambiri analikana poyera, ponena kuti mfumu yolandidwa mphamvu yogawa malo yatsala ndi chipewa chokha, ndipo mu 2022 nyumba ya malamulo inalikonzanso. Ntchito yolembetsayi inayesedwa koyamba m'madera ena a ku Phalombe, Kasungu ndi Rumphi. Ku Ntcheu ili ndi mfundo ziwiri zoti imasule isanapite patali. Yoyamba ndi malire a ma T/A eniake, amene m'malo ambiri amadziwika ndi mtsinje umene unasintha njira kapena mtengo umene unadulidwa. Yachiwiri ili m'nyumba: pa munda wa banja la chikamwini, mayi ndiye mwini nthaka, bambo ndiye wagula feteleza zaka makumi awiri, ndipo amalume a anawo nawo akufuna kudziwa kuti pachikalatapo palembedwa dzina la yani.